Mlangizi wa Faidesi Ali ku Msonkhano

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunge poopa milandu, munafika lamulo lokoma zedi. Linkati aliyense wophunzira uphunzitsi azilandira kangachepe, ndipo chaka chathunthu azikhala kumbuyo kwa kalasi n'kumaonerera katswiri akuphunzitsa. Kugwira yekha choko ayi, n'koletsedwa.

Faidesi Chimwaza, mtsikana amene ankalakalaka setifiketi ya uphunzitsi kuposa china chilichonse, anavina atamva zimenezi, kuiwala kuti walira mvula walira matope. Anamupatsa katswiri wake, a Dzimbiri, omwe tsiku lomwelo anavekedwa udindo wa Mlangizi Wamkulu Wosula Aphunzitsi a Mawa.

Koma inu, udindo woterewu ungamakhale m'fumbi la choko? Lolemba loyamba a Dzimbiri anapita kuboma kukaphunzira kalangizidwe. Atabwerako anapitanso kukaunika zimene anaphunzirazo, kenako kumsonkhano wokonzekera msonkhano wotsatira. Masaya anasalala, lamba n'kuyamba kuchepa.

Faidesi anakhala kumbuyo kwa kalasi masiku awiri, kope m'manja, akuonerera bolodi lopanda kanthu, ana zana limodzi ndi makumi atatu akukokanakokana. Tsiku lachitatu chisoni chinamugwira, anatola choko. Pofika nyengo yokolola, tiana timene sitinkatha kulemba ngakhale dzina tinali tikuwerengera makolo makalata.

Tsiku loyesa Faidesi, Woyendera Sukulu anafika pa njinga yamoto, a Dzimbiri ali kumbuyo ndi suti yonyezimira. Atatsika, a Dzimbiri anamunong'oneza Faidesi kuti awalozere kalasi yawo. Atalowa, ana anaimirira mwaulemu n'kuwaimbira onse awiri nyimbo yolandirira alendo.

Woyendera Sukulu atamva ana akuwerenga anakhutira, n'kugwira chanza a Dzimbiri kwa nthawi yaitali. Faidesi zinamuwawa, moti anaulula kuti amene wakhala akuphunzitsa anawo chaka chonse ndi iyeyo.

"Ndiye mwaphwanya lamulo, mayi," anatero Woyendera Sukulu. "Inu ntchito yanu inali kuonerera. Setifiketi palibe. Mubwereza chaka pansi pa mlangizi yemweyu, poti zipatso zake taziona tonse."

Misozi ili lengelenge, Faidesi anafunsa ngati a Dzimbiri abwere Lolemba kuti ayambe kuwaonerera.

"Lolemba ayi, mwana wanga," anatero a Dzimbiri akukwera njinga. "Tili ndi msonkhano wa milungu itatu wofufuza chifukwa chimene ophunzira uphunzitsi akulepherera chonchi."