Ndinalankhulira Filimu Yosalankhula

Mpaka lero mwana wanga Tadala akatiitana ku zochitika za kusukulu kwake, amandikhazika kumbuyo kwenikweni, kutali ndi maikolofoni, mayi ake ali pambali panga ngati mlonda. Sindimudandaula. Ndinaziyamba dala ndekha.

Mudziwe kaye kuti ndisanabwere ku South Bend kuno ku America kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinali munthu wodziwika ku Ndirande. Ndinkamasulira mafilimu mu vidiyo sho. Mzungu akatsegula pakamwa pa sikirini, mawu ankatuluka kwa ine, m'Chichewa (Chingerezi changa nthawi imeneyo chinali chopempherera madzi akumwa, zotsalazo ndinkangopeka). Anthu ankaseka mpaka kugwa pa mabenchi.

Tsono Tadala amaphunzira za mafilimu ku Indianapolis. Anafufuza za katswiri wina wanthabwala, munthu wakuda, amene ankasewera m'mafilimu a kuno ku America zaka zoposa zana zapitazo. Luso anali nalo loopsa, koma eni mafilimu ankangomupatsa mbali ya wantchito waulesi kapena wamantha. Nthawi zina ankamudzola makala kumaso, chikhalirecho anali wakuda kale, kuti azungu aseke bwino. Linafika tsiku loti Tadala aonetse filimu ya mkuluyu pamaso pa aphunzitsi omupatsa malikisi, ndipo anatiitana. Ine mtima unali m'malere. Mwana watengera ine ameneyu! Suti ndinaisita kawiri.

Pafoni anandipempha chinthu chimodzi: "Dad, please, just sit and watch." (Chichewa amamva bwinobwino, koma kuyankha ndiye ayi.) Ananenanso zina zokhudza filimuyo, koma ine maganizo anali kale pa tayi yoti ndivale.

Titafika ku Indianapolis, mayi a Tadala anati sangabwerere ku South Bend osagula nyama ya mbuzi ku Lafayette Road. "Tingodutsa pang'ono, bambo a Tadala." Pang'ono pawo amene amawadziwa akupadziwa. Tinalowa m'holo magetsi atazimitsidwa kale, mawu oyamba a Tadala atatipita. Ine chisangalalo chili pompo. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pa sikirini panatulukira bambo wamtali, chipewa chophwanyika, atasenza masutikesi a bwana wake. Kayendedwe kake! Mwendo wina ukupita, wina ukukana. Ndinamukonda pomwepo. Kenaka bwana uja anayamba kukalipa, pakamwa pakuyenda, koma mawu zii. Kunkangomveka mayi wina akuimba piyano pakona.

"Saundi yafa," ndinanong'oneza mayi a Tadala.

"Khalani chete."

"Ndikuti yafa. Taonani, amuika mayiyu aziimba kuti abise manyazi. Mwanayu afeila ife tikuona."

Ndinayang'ana aphunzitsi, nkhope zili gwa, wina akulemba. Ndinayang'ana Tadala, ataima pakhoma akupotokola zala. Zaka zonse zija akuvutika, zithere pa waya woduka? Mtima unandipweteka.

Ndinayamba pang'onopang'ono, kumasulira mayi ake okha. Koma kumbuyo kwathu kunakhala anyamata awiri a ku Malawi ophunzira komweko, ndipo mmodzi anaphulika nako kuseka. "Akulu, pitirizani!" Eee, Ndirande yense anadzuka m'thupi mwanga. Patebulo kutsogolo panali maikolofoni, kagetsi kake kakuyaka ngati kakundikodola. Mayi a Tadala anagwira jekete langa, ine ndinangolivula n'kuwasiyira m'manja.

"Alo, alo! Musadandaule, zonse zili bwino. Bwana akuti, 'Nyamula katundu, waulesi iwe!' Mkulu wathu akuti, 'Ndanyamula, bwana. Nanga manja anuwo mukusungira Khirisimasi?'"

Anyamata aja anagona pansi. Ine ndiye moto buu. Ndinamupatsa bwana mawu a m'mphuno, galu amene anadutsa ndinamuuwitsa, chitseko ndinachiliza. Pa sikirini pankabwera timawu tolembedwa, koma mthunzi wa mutu wanga unali utatiphimba. Ndikuti ndiyambe kumasuliranso m'Chingerezi kuti azungu asatsalire (ndine munthu wosakondera), piyano inasiya. Filimu inaima, magetsi anayaka.

Tadala anabwera pafupi nane, misozi ili lengelenge.

"Adadi, filimuyi ndi yosalankhula. Anaipanga choncho. Ndinakuuzani pafoni."

M'Chichewa, abale. Mwana amene ndakhala ndikumunyengerera zaka zonsezi kuti anene ngakhale "ndadzuka bwino." Apo ndinadziwa kuti zavuta. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe. Ndinabwerera pampando malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo mayi ake anandipatsa jekete osandiyang'ana.

Anaiyambiranso filimu ija, ine pakamwa nditatseka. Ndipo ndinaona chimene chinandipita poyamba. Bwana akatembenuka, mkulu uja ankakweza nsidze imodzi, n'kuyang'ana manja a bwanayo, n'kuyang'ana ife. Za Khirisimasi zija anali atanena kale ndi diso, pamaso pa anthu omwe ankaganiza kuti akuseka chitsiru. Ine sankandifuna n'komwe.

Zitatha ndinkazemba kulowera kuchitseko, koma mayi wina wachikulire wakuda, woyendera ndodo, anandikodola. Tadala anandinong'oneza kuti ndi mlendo wolemekezeka, mdzukulu wa mchemwali wa katswiri uja. Ndinapita kukaima pamaso pawo.

"Moyo wake wonse," anatero mayiwo m'Chingerezi, "anthu ena ndiwo ankamuikira mawu m'kamwa. Ngakhale timawu tolembedwa tija sanalembe yekha."

Kupepesa ndinapepesa, manja pachifuwa, mpaka kugwada pang'ono.

"Koma tandiuzeni, paja anasenza masutikesi paja, m'chilankhulo chanu munati chiyani?"

Ndinawamasulira. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anaseka mpaka ndodo inagwa. "Agogo anga ankandiuza kuti mkuluyu akafika kunyumba ankawanena choncho mabwana aja. Mawu amenewo akanawakonda." Anapukuta maso, n'kundiloza chala. "Koma musadzachitenso. Tsikuli linali la mwana wanu."

Mawu omalizawo ndi amene anandilasa, chifukwa anali oona.

Tadala anakhoza, osati chifukwa cha ine. Anakhala kanthawi akuyankha mafoni a mayi ake okha, koma tsiku lina ananditumizira filimu ija popanda mawu ena alionse, ndipo ndinadziwa kuti wandikhululukira. Ndaphunzira kuti munthu amene wangokhala chete sikuti saundi yake yafa. Ndimaionera kunyumba, chitseko chotseka, manja pakamwa, ndipo ndimayesetsa ndithu. Koma mkulu uja akangosenza masutikesi, mayi a Tadala amakuwa ali kuchipinda china:

"Bambo a Tadala, tikukumvanitu!"