Masitepe Seveni

Ine pakamwa sindichepa. Funsani aliyense mumsika wa Nkhata Bay za bambo wa kaunjika woyang'anizana ndi azimayi a chinangwa. Ndinagulitsapo jekete laubweya mwezi wa Okutobala, kwa msodzi, thukuta lili kamukamu. Ndiye Ama Nyamanda, amene benchi lawo la kaunjika linayandikana ndi langa, atandiuza kuti Loweruka kuli msonkhano woti aliyense akhoza kuyankhula, ndinati, "Ama, mukafike msanga. Komwe ndikaime ine, ena akamvera pawindo." (Mawu amenewa ndikanangowameza ndi tiyi.)

Msonkhanowo anaukonza anthu wamba, aphunzitsi, amalonda ndi apadoko, m'holo ina ya tchalitchi. Ndinapita ndi bolopeni yosainira alawansi. Alawansi kunalibe. Mlendo wolemekezeka kunalibe. Ngakhale pulogalamu kunalibe! Kunali khoma, mapepala ndi selotepu basi.

Ada Chiumia, mphunzitsi wopuma amene ankatilandira, anafotokoza kuti, "Amene muli ndi nkhani, lembani papepala, matani pakhoma, mukaitsogolere nokha. Mukaona kuti pamene mwakhala simukuphunzira kanthu, komanso simukuthandiza kanthu, nyamukani mupite pagulu lina. Wina asakwiye. Miyendo ndi yanu."

M'mawa ndinakhala pagulu lokamba za zinyalala zamumsika. Mkulu wina anayamba ndi zinyalala, koma posakhalitsa tinapezeka tili ku Joni, kumene anagwirako ntchito. Tinakhalitsa ku Joniko. Ine ndinali kumbuyo, kung'ung'udza ndi kutsonya. Titatuluka ndinakadandaula.

"Ada, msonkhano wanuwu wafa uli chiimire."

"Wanga?" anatero Ada Chiumia. "Inuyo munafunsako funso?"

"Ayi."

"Munawabweza a ku Joniwo kuti abwerere ku zinyalala?"

"Ayi."

"Nanga munanyamuka?"

"Ayi."

"Ndiye mwaupha ndi inu. Pepala ilo."

Anandipsetsa mtima. Ndinatenga pepalalo n'kulemba zilembo zazikulu ngati za paminibasi ya ku Mzuzu: MALONDA OSALUZA. Pambali pake panali kapepala ka Ama Nyamanda, tizilembo tangati nyerere, kokamba za kasungidwe ka katundu nthawi ya mvula. Ndinakamvera chisoni.

Masana ndinaima pakhomo la chipinda chimene anandipatsa n'kuyamba ntchito yanga: "Lowani, lowani! Kumva n'kwaulere!" Mabenchi anadzaza, ndipo enadi anaima pawindo. Apa ndi pamene ndinakumbukira kuti sindinakonzeke chilichonse. (Kuitana anthu ndimatha. Chowapatsa akalowa sindinachiganizire.)

Ndinayamba ndi mbiri yanga, mmene ndinayambira geni ndi mathalauza atatu. Ndisanagulitse thalauza lachiwiri, namwino wina ananyamuka. Kenako amuna awiri onyamula katundu padoko. Mopanda chipongwe, mpaka kundithokoza kuti "Yewu, Ada" potuluka. Yewu ameneyo anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Tsono mundimvetse. Pantchito yathuyi kasitomala akakana mtengo n'kutembenuka, ine ndimawerenga masitepe ake chamumtima. Akafika seveni osacheuka, ndimamuitana n'kutsitsa. Ndachita zimenezi zaka zambiri, moti pakamwa pamangotseguka pokha.

Wotsatira kunyamuka anali Ama Nyachirwa, mphunzitsi, kasitomala wanga wa mabulauzi. Wani, thuu, fili... seveni.

"Ama, tabwerani! Tikambirane!"

Anacheuka. "Tikambirane chiyani, Ada? Za thalauza zija tamva."

Ndikanatsitsa chiyani poti panalibe mtengo? Ndinatsitsa chomwe ndinali nacho.

"Mtengo umene ndimayamba kutchula," ndinatero, "mukaudula pakati, ndiye weniweniwo."

Ama Nyachirwa anabwerera pabenchi n'kutulutsa kope. Ine mumtima ndinati ndawagwira.

Posakhalitsa wina anadzuka. Seveni. "Ada, imani! Ndikamati 'ndikuluza, ndangokumverani chisoni', dziwani kuti phindu likadalipo." Anakhala. Wina anadzuka. "Zovala zabwino sindiyala. Zimakhala m'thumba pansi pa benchi, kudikira apantchito alandire." Anakhala, akulemba.

Anthu a kuno sachedwa kuzindikira. Anayamba kudzuka mosinthana, dala. Mafunso anayamba kugwa ngati mvula, wina akuwonjezera za pansomba, wina akutsutsa, chiseko mpaka panja. A magulu ena anasiya zawo n'kubwera. Nditaponya maso kutsogolo ndinaona Ama Nyamanda akhala pabenchi loyamba, gulu lawo lonse lili kumbuyo kwawo, bolopeni m'manja. (Bolopeni yake yanga. Ndinawabwereka ndekha m'mawa nditaona kuti kulibe chosainira.)

Chomaliza ndi chimene chimandiwawa mpaka lero. Bambo wina wapadoko anangoimirira kuti awongole thalauza, ine n'kufuula, "Musapite! Ndimawerenga masitepe! Seveni!"

"Ine sindimapita, Ada," anatero. "Koma pitirizani."

Potseka, Ada Chiumia anandiimiritsa pamaso pa anthu. "Umu ndi mmene timafunira. Munthu wapereka zonse zomwe anali nazo, ndipo omvera agwira ntchito yawo." Anandiwombera m'manja nthawi yaitali. Ndinapita kunyumba chifuwa chili patsogolo.

Lolemba kunabwera mayi wofuna siketi. Ndinatchula mtengo. Sanatsutse. Anangotembenuka n'kumawerenga mokweza, "Wani! Thuu! Fili!" Atafika seveni anaima, manja m'chiuno, osacheuka, kudikira. Azimayi a chinangwa anaseka mpaka kugwirana. Wotsatira sanayang'ane n'komwe zoyala. Anangoti, "Ada, tatulutsani thumba lapansilo."

Ndinayesa kusintha, kumaitana pa teni. Koma kasitomala safika pa teni, chifukwa Ama Nyamanda tsopano amaitana pa sikisi. Kasitomala wanga, kuchoka pabenchi langa, masitepe sikisi amathera pakhomo pawo penipeni.

Dzana Ada Chiumia anadutsa kudzandiuza kuti anthu akufunsa ngati ndidzamatenso pepala msonkhano ukubwerawu, poti gulu langa ndi limene likukambidwabe m'tauni muno. Ndinawayankha kuti ndiganiza kaye. (Mutu wa nkhani ndaupeza kale, n'zimene zikundikwiyitsa.) Ama Nyamanda, akupinda siketi ya kasitomala wanga, anati, "Mukalembe, Ada. Bolopeni ndikubwerekani."

Mabenchi ndinadzaza, pawindo anthu anaimadi monga ndinanenera, m'manja anandiwombera. Tsono tandiuzani inu, anapambana ndani?