Mlungu umene ndinaletsa basela

Lolemba
Akuti kompyuta yandikanika ngati momwe inandikanikira yunivesite. Bodza kawiri! Ku yunivesite ndinachoka ndekha, ndipo kompyuta sinama. Ikunena kuti mchere ulipo wambiri, koma m'nyumba yosungira katundu ulipo wochepa. Bwana akubwera Loweruka. Akuti ziwirizi zikapanda kufanana, ndinyamuke. Zifanana pofika Lachitatu.

Lachiwiri
Madisiketi a kompyuta ochokera ku masitolo athu ena afika pa njinga. Ya ku Kaduya ikununkha usipa. Ya ku Nazombe munthu anaikhalira. Ndalowetsa maoda onse. Magetsi azima ndisanasunge. Ndayambiranso. Mchere ukusowabe.

Lachitatu
Ndakhala pafupi ndi sikelo, ndagwira wakuba. Si munthu ayi, ndi basela! A Matewere, woyeza katundu, akamaliza kuyeza amatapa mchere wina ndi manja awiri n'kuthira pamwamba. Kwa aliyense! Akuti, “Achimwene, wogula samapita ndi thumba la njala.” Pologalamu ilibe malo a basela. Ili ndi “wogulitsidwa”, “wobedwa”, “woonongeka”. Wosowa wonse ndaulemba kuti unanyowa ndi mvula. Mwezi uno ndi Seputembala. Atsutse amene akudziwa kuyatsa makinawa.

Lachinayi
Ndamata chikwangwani pakhomo: BASELA WATHA. A Matewere aseka mpaka kukhala pansi. Aseke. Kilo ndi kilo, ngakhale kuno ku Phalombe.

Lachisanu
Amayi opikula mchere abwera, awerenga, abwerera ndi mabeseni awo. Wina wakuwa, “Sukulu inakukanika, ukufuna uimalizire pa mchere wathu?” Onse ali pa mzere kwa mnzathu wa patsidya pa msewu. Wogulitsa zitumbuwa wandipatsa zitatu ndendende, akundiyang'ana m'maso. Ndadya monyadira. Sindichotsa chikwangwani!

Loweruka
Zafanana! Kompyuta ndi matumba, ndendende, koyamba chitsegulire sitoloyi. Ndaonetsa bwana. Sanayang'ane n'komwe. Afunsa chifukwa chake kuyambira Lachinayi sipanatuluke ngakhale kilo imodzi. Ndawafotokozera bwinobwino, m'Chingerezi. Afunsanso za mvula ya Seputembala. Ang'amba chikwangwani ndi manja awo.

Lamulungu
Sindipita kutchalitchi, amayi aja amaimba kwaya. Manambala anga ndi olondola, ndipo wotsutsa palibe. Ndachapa malaya a ntchito, ndawapinda. Bwana abwerera ku Blantyre m'mawa uno. Kompyuta aikweza pa mpando wa kutsogolo wa galimoto, aimangira lamba.