Galasi Latsopano la Apongozi Anga Osaona

Ku Zóbuè anthu amanditchula kuti a Dotolo. Kale ankanena mwaulemu, poti ndinaphunzira kukoleji ku Tete ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi ya mgodi wa malasha ku Moatize. Masiku ano akanditchula choncho amayang'ana kumbali kuti ndisaone pakamwa pawo. Ndaganiza zofotokoza ndekha momwe zinayendera, chifukwa amene akuisimba nkhaniyi pamsika akuthira mchere wambiri (sindinalire, ndipo sindinathawire m'munda wa mbatata).

Mkazi wanga Luiza anamwalira mvula itangoyamba. Za matenda ake sindilemba pano. Ndingonena kuti tinakhala pabanja zaka zinayi, ndi kuti makompyuta ankawadziwa kuposa ine, ngakhale satifiketi yopachika pakhoma inali yanga.

Bambo ake, a Domingo, ndi osaona. Atabwerako ku Malawi kumene anathawira nkhondo, khasu lawo linagunda bomba lotsalira m'munda, maso onse awiri n'kuthera pomwepo. Kale anali mphunzitsi, ndipo chimene chinkawawawa kwambiri sichinali mdima, koma kupempha munthu kuti awawerengere kalata yawoyawo. Luiza anawapezera kompyuta yakale ya m'manja, yosweka galasi, n'kuikamo pulogalamu yaulere. Ndi ya mtundu uja umene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amaulemba mothandizana, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuikonza ndi kugawirako mnzake. M'kati mwake muli mawu owerenga. Ukadina batani imanena chimene wadina, ukatsegula kalata imakuwerengera. A Domingo anaizolowera mpaka anaiwonjezera liwiro, moti ine ndinkangomva ngati matalala akugwa pamalata. Ankalembera momwemo zolengeza za kutchalitchi ndi makalata a gulu la alimi a mbatata. Galasi lake linali lakuda bii, ndi mng'alu wochokera pangodya kukafika pangodya inzake. Palibe amene linkamusowetsa mtendere, kupatula ine.

Mvula itatha, uthenga unabwera kuchokera kwa a Batista, malume ake a Luiza, kuti Loweruka linalo andisudzula. Mwambowu ndi wachifundo, ndikudziwa. Akuchikazi amamuthokoza wamasiye, n'kumumasula kuti akayambe moyo wina. Koma ine ndinaulandira ngati kalata yochotsedwa ntchito. Makolo anga anatsogola kale, ndipo khonde la a Domingo ndi malo okhawo amene dzina la Luiza linkatchulidwa popanda wina kutsitsa mawu. Sindinkafuna kumasulidwa. Kunena poyera sindikanatha, choncho ndinaganiza zopereka mphatso yaikulu yoti achite nayo manyazi kundichotsa.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinawapeza pakhonde.

"Bambo, kompyuta yanu yalowa fumbi kwambiri. Ndipite nayo ku Moatize akaipukute."

"Fumbilo likuvuta iyo kapena inu, mkamwini?"

"Ikhoza kutentha n'kufa, bambo."

Anaisisita pang'ono ngati mmene munthu amasisitira mbuzi yomwe akubwereketsa. "Mubwere nayo Loweruka m'mawa ndithu. Muli mawu amene ndidzanene pa mwambo wanu. Ndawalemba milungu itatu."

Ndinawauza kuti asadandaule. (Pa mawu onse amene ndalankhulapo m'moyo wanga, amenewa ndiye ndikanakonda kuwameza.)

Pamsika wa ku Moatize pali kanyumba ka munthu wina wokonza mafoni ndi makompyuta. Pano ndimutchula kuti Zeka, ngakhale si dzina lake. Galasi latsopano anali nalo, ndipo analiika mwaluso ndithu. Atayatsa kompyuta, mawu aja anayamba kuthamanga, iye n'kudumphira kumbuyo.

"Bwana, muli munthu umu?"

"Ndi mawu owerengera apongozi anga."

Anayang'ana pagalasi n'kupukusa mutu. "Pulogalamu yanji iyi? Izi ndi za amphawi. Munthu wa mu ofesi ngati inu mungapatse apongozi chinthu chotola chaulere? Ndikuikireni yeniyeni, imene mabwana anu akugwiritsa ntchito kumgodi."

Apa ndivomere. Luiza anandifotokozerapo kangapo chifukwa chimene anasankhira pulogalamu ija. Ine ndinkangogwedeza mutu uku ndikuyang'ana pakamwa pake, poti akamafotokoza chinthu chimene amachikonda ankakongola kwambiri. Zimene ankanenazo sindinasunge ngakhale chimodzi. Chimene chinandilowa m'khutu tsiku limenelo chinali mawu oti amphawi.

"Zimene zilimo sizifufutika?" ndinafunsa.

"Zonse zikhala bwino, bwana."

Mukaonetsetsa, sanayankhe funso langa. Ine ndinaonetsetsa patapita masiku asanu.

Sindinalekere pomwepo. Zeka anandionetsa kachipangizo kolozera zinthu pagalasi, kamene amati mbewa, kowala kuwala kofiira pansi pake. Ndinagula. Kenako anafunsa ngati ndikufuna chithunzi choti chiziwoneka kompyuta ikayaka. Ndinamupatsa cha Luiza, chimene ndinamujambula pamlatho wa Revubué atavala diresi yachikasu. Chinadzaza galasi lonse. Ndinakhala m'kanyumba kaja nthawi ndithu ndikuchiyang'ana, ndipo sizinandibwerere m'mutu kuti mphatso zitatu zonsezi, galasi, mbewa ndi chithunzi, ndimagulira munthu mmodzi yekha amene ali ndi maso, ndipo munthuyo si a Domingo.

Loweruka ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, yoyamba yopita ku Zóbuè, kompyuta ili pamiyendo ngati mwana wopita kuubatizo. Ndinapeza anthu atasonkhana kale pansi pa mtengo wa mapeyala, amuna pamipando, akazi pamikeka. A Batista asanatsegule mwambo ndinapempha kuti ndinene mawu awiri. Ndinanena kuti banja lino linandipatsa zambiri, ndipo ndabweretsa kachinthu kochepa. Ndinagwada, n'kuika kompyuta pamiyendo ya a Domingo, n'kuyatsa.

Luiza anawala pagalasi. Akazi anadzuka pamikeka kudzasuzumira, azakhali ake n'kuyamba kusisima. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti ndapambana.

"Mwaona chiyani anthuni?" anafunsa a Domingo.

Ndinayankha ndine. "Ndi chithunzi cha Luiza, bambo."

"Chatuluka bwino?"

"Chatuluka bwino."

"Chabwino. Mundionereko."

Anaika kachingwe m'khutu, zala zawo n'kupeza mabatani monga mwa nthawi zonse. Anadina. Anadikira. Anadinanso. Anachotsa kachingwe kaja n'kukapemerera, n'kukabwezera. Kompyuta inali duu.

"Mkamwini, mnzanga uja mwamudula lilime?"

Ndinayamba kufotokoza kuti iyi ndi pulogalamu yamakono, ya m'maofesi. Ndikulankhula choncho, dzanja lawo linakhudza mbewa ija.

"Nanga ichi?"

"Ndi cholozera, bambo. Mukachiyendetsa, kamuvi kamayenda pagalasi."

"Kamuviko ndikadzakaona ndidzakuuzani."

Wina kumikeka anatsokomola chifuwa chosakhala chifuwa. Nthawi yomweyo pakati pa nkhope ya Luiza panatulukira kabokosi ka mawu a Chipwitikizi. A Batista, amene sanaphonyepo mwayi woonetsa kuti anafika kalasi yachinayi ya nthawi ya atsamunda, anawerama n'kuwerenga mokweza, kenako n'kumasulira kuti aliyense amve.

"Akuti pulogalamuyi sinalipiridwe kwa eni ake. Mwachidule, alamu, mwafukata katundu wakuba."

A Domingo, munthu amene amaima kutsogolo kwa mpingo Lamlungu lililonse, anachotsa manja awo pakompyuta ngati yatentha.

Ndinailanda n'kuyamba kufufuza mawu awo aja. Ndinatsegula paliponse pamene panatseguka. Munalibe kalata, munalibe nyimbo, munalibe dzina la mlimi ngakhale mmodzi. Zeka anasesa m'nyumba monse asanalowetse alendo ake. Ndinanena zimenezi ndili chogwada, ndi mawu amene ndinkafuna amve a Domingo okha, koma anamva mpaka agalu.

"Ndiye kuti mawu okusudzulani mwawafufuta nokha," anatero a Domingo.

"Mawu ali pakamwa, alamu," anatero a Batista. "Dzuwa likupita. Tiyeni timumasule munthuyu asanatikonzerenso china."

"Ine mawu anga ndinawalemba. Sindinena ena."

"Mwambo ndi wa ife akuchikazi."

"Mwambo ndi wanu, alamu. Khonde ndi langa."

A Batista anandisudzula ndithu, mwachangu ngati munthu wothamangira basi. Anandithokoza kuti ndinasamala mwana wawo, ndipo zimenezo ananena moona, sindiwanamizira. Anthu anadya, anamwa thobwa, n'kubalalika ndi nkhani yoti akafotokoze kwawo. Ine ndinanyamula chikwama changa kuti ndizipita.

"A Dotolo," anandiitana a Domingo. Aka kanali koyamba kunditchula choncho. "Khalani apa."

Anapisa dzanja m'khosi mwa malaya n'kutulutsa chingwe cha kamtanda kawo. Pambali pa kamtandako panali fulashi yaing'ono yakuda, yosungiramo zinthu za pakompyuta.

"Anandikonzera ndi mwana wanga asanadwale. Muli pulogalamu yonse, muli nyimbo ndi makalata a nthawi imeneyo. Anati ndiisunge, chifukwa tsiku lina padzabwera munthu wophunzira wofuna kundithandiza."

"Ananena dzina?"

"Sananene. Anangoseka."

Analowetsa fulashi ija okha, mopapasa. Anandiuza kuti pa ntchito yonseyo pali malo amodzi okha ofunika maso, poyambirira penipeni, kompyuta isanayambe kulankhula. Ndinayenera kudina batani limodzi n'kusankha mzere wachiwiri. Ndinasankha. Imeneyo ndiye inali ntchito yonse ya zaka zanga za kukoleji pa tsiku limenelo. Iwo anadina mabatani awoawo, ndipo mawu aja anatulukira, ochedwa ngati a mwana wongoyamba kuwerenga. A Domingo anapumira m'mwamba. Anatenga chitenje chimene chinali pachingwe n'kuphimba galasi langa latsopano lija.

"Likukusokonezani," anatero.

Ndinakhala pamenepo ndikumvetsera munthu wosaona akumanganso kompyuta yake, osalipira munthu, osapempha chilolezo, osaba. Ikafunsa, iwo n'kuyankha. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni anali atabwezeramo nyimbo ndi makalata, matalala aja n'kuyambiranso pamalata. Zimene a Domingo analemba kuyambira pamene Luiza anadwala, pamodzi ndi mawu a milungu itatu aja, sizinabwerere.

"Munalemba zotani, bambo?"

"Wofufuta sawerenga."

Kenako anandipatsa chilango. Anati ndizibwera Loweruka lililonse kudzaphunzira kugwiritsa ntchito kompyuta galasi lili lophimbidwa, kuti ndisadzaphenso ya munthu wina. Tsiku limene ndidzalembe kalata yathunthu popanda kulakwitsa ndi popanda kusuzumira pansi pa chitenje, iwo adzalembanso mawu awo, adzandiwerengera, n'kundimasula.

Papita chaka ndi miyezi tsopano. A Batista amati mkamwini wosudzulidwa sazungulira pakhomo ngati nkhuku yogulitsidwa pafupi. Anzanga a ku ofesi amati ndikutaya unyamata wanga m'shapa. Anene. Zoti ndinalakwa sindikana, koma amene akudikira kuti ndichite manyazi mpaka kusiya kupita ku Zóbuè adikira nthawi yaitali. Galasi lija ndi labwino ndipo sindinalibweze. Mbewa ija a Domingo amapsinjira mapepala a zolengeza kuti asauluke ndi mphepo, ndipo amati pa ntchito imeneyo ilibe inzake. Pulogalamu yaulere ija ndaiikiranso anthu awiri osaona a ku Cateme, ndipo ndisanakhudze batani ndimayamba ndafunsa mwini wake chimene akufuna.

Koma kalata yathunthu sindinailembebe. Ndimafika pafupi ndi mapeto, n'kulakwitsa.

Loweruka lapitali, nditalakwitsanso pa mzere womaliza, a Domingo anandifunsa funso.

"A Dotolo, mukudziwa kuti kompyuta iyi imanena batani lililonse limene mwadina?"

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndiye ndimamva. Mumalemba zolondola, n'kufufuta, n'kulemba zolakwika."

Iwo anakonza chitenje chija pagalasi, ngakhale chinali chisanasunthe.

"Mwalephera," anatero. "Loweruka mubwere ndi shuga, watha."