Tsiku Limene Ndinatseka Boti ndi Chala

Inu amene mumati Tadala ndi wamanyazi, satha n'kuyankha moni, sendezani mipando kuno, chifukwa anthu asanu ndi awiri akupuma lero chifukwa cha chala changa chachikulu chakuphazi. Wotsutsa akafunse amalume anga a Sitolo.

Pafamu imene tinakulira, kuseri kwa Old Mutare, mzungu atachoka anasiya kaboti ka injini m'mbali mwa damu, ndipo amalume anadzipatsa okha udalaivala. Ankati ife ndife anthu akunyanja, madzi amatidziwa, chonsecho iwo anabadwira pakomboni pomwepo, nyanjayo anangoimva kwa bambo awo. Anansi athu Achishona anakhulupiriradi kuti achimwene, monga ankatitchulira ife, samira.

Loweruka lina tinkawoloka kupita kumaliro tsidya linalo. Boti la anthu anayi linanyamula asanu ndi awiri, thumba la ufa, nkhuni ndi mbuzi, koma majekete oyandamitsa awiri okha, lina la amalume, lina la amayi abusa. Ndiye chotsekera cha kabowo kakumbuyo, chimene amalume ankachotsa kuti madzi amvula azituluka boti likakhala pamtunda, chinatsala kunyumba m'thumba la buluku lina. Mukumva?

Tili pakati penipeni madzi anafika m'akakolo, injini inatsokomola n'kuzima, ine ndinalowetsa chala chakuphazi pabowo paja, dzanja lamanja ndikukoka chingwe cha injini, chingwe cha mbuzi ndaluma ndi mano, lamanzere ndikukapa madzi ndi nsapato ya amayi abusa, kuwaponya mwamphamvu mwakuti anakagwa ngati mvula m'tauni, ku Yeovil, azimayi n'kumaanula zovala uku akutola nsomba pakapinga, ndipo ng'ona itabwera kunsi kwa boti kudzaluma chala changa inaguluka mano onse, mpaka lero imadya ndere basi. Ndikulumbira.

Kenaka mantha anawaimiritsa onse a m'botimo mbali imodzi, boti n'kupendekeka. Ine amene kusukulu aphunzitsi ankachita kuwerama kuti andimve, ndinalavula chingwe cha mbuzi n'kunena kuti, "Khalani pansi." Mawuwo anadumpha mapiri, m'tauni muja ku Fairbridge Park anthu anakhala pansi pamsewu, kwaya ina inakhala pansi nyimbo ili pakati, injini nayo inachita mantha n'kulira yokha. Tinafika tsidya lija mwambo wa maliro usanayambe.

Pali chimodzi chokha chimene sindingawonjezere mchere. Kusambira sindidziwa. Amalumenso sadziwa, ndinawaona m'maso. Madzi atangoyamba kulowa, iwo anavula jekete lawo mwakachetechete, anandiveka, anamanga zingwe zake kawiri, n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wa mlongo wanga, usayang'ane pansi." Chala chija chinachita dzanzi, chinatupa, koma sindikanachichotsa iwo atakhala pamenepo ndi shati yokha.

Chiyambire tsiku limenelo pagombe ndimaimapo ndine. Chotsekera ndimachiona ndi maso anga, wachisanu amadikira ulendo wina, aliyense amavala jekete n'kukhala pansi, ndipo amalume akayamba zakunyanja zija ndimangowamanga zingwe za jekete kawiri, iwo n'kuliza injini. Wofuna kukwera wopanda jekete, kaya anabadwira m'madzi mwenimwenimo, ayambe walimbana ndi chala ichi. Ng'ona inayesa.