A Komatu ndi Bwalo la pa Intaneti

A Komatu sanalolepo munthu wina kukhala womaliza kuyankhula. Ukati, "Kwacha bwino lero," iwo ankayang'ana kumwamba n'kuti, "Komatu kamtambo ako sindikukakhulupirira." Ukavomereza kuti kamtamboko n'kokayikitsadi, ankatembenuka pomwepo: "Komatu mvula si yoipa." Dzina lawo lenileni linangotsala pa chitupa. Malemu akazi awo ankalumbira kuti ngakhale tsiku la ukwati, atafunsidwa ngati akumukonda mkaziyu, anayankha kuti, "Kwambiri, komatu funsolo mwalifunsa mochedwa."

Ntchito yawo inali yometa tsitsi, m'kachipinda ka pansi pa masitepe a mdadada wa nyumba zosanja, ndipo mtsutso uliwonse ankapambana. Ungamutsutse bwanji munthu lumo lake lili pakhosi pako?

Amene anaona nazo zakuda ndi mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo woyamba, mayi wofatsa amene ntchito yake inali yokonza mawebusaiti. Komiti ya pamdadadapo inamupempha kuti awakonzere yawo, chifukwa zidziwitso zomata pageti ana ankazimatula, zina zinkanyowa ndi mvula. Iye anaganiza njira yachidule. Pakhale bwalo la zokambirana pomwe aliyense angayambitse nkhani, ena n'kumayankha pansi pake, ndipo nkhani imene yangoyankhidwa kumene izikwera yokha pamwamba pa tsamba loyamba. Tsambalo lizidzadza lokha, popanda mlembi.

Anatenga laputopu kukawaonetsa apongozi akewo, poti nawonso anali m'komiti.

"Bambo, aliyense azilembetsa dzina, kenako azilowa."

"Komatu benchi ili kuti, mayi?"

"Benchi yanjinso, bambo?"

"Ya ongomvera." Analoza ndi chipeso azibambo amene anakhala kukhoma, madazi awo akunyezimira. "Awa ali ndi tsitsi loti ndimete? Amabwerera nkhani basi. Munthu asamafunsidwe dzina kuti amve miseche."

Mpongoziyo anaseka chamumtima, koma anaona kuti n'zoona. Anakonza kuti aliyense aziwerenga momasuka, dzina lizifunika pokhapokha ukafuna kuyankha. Anabwerera kunyumba akunyadira kuti apongozi ake amuthandiza. Sanadziwe kuti wawamangira nyumba yachiwiri.

Nkhani yoyamba anayambitsa ndi mayi wa saluni, amene khomo lake linayang'anizana ndi la a Komatu, ndipo pakamwa pake panalinso posagona. Analemba kuti geti lipentedwe lobiriwira. A Komatu anayankha kuti komatu lobiriwira limaitana mbuzi. Mayiyo anati pamdadadapo palibe mbuzi. "Komatu n'chifukwa choti geti silinakhale lobiriwira." Zinapitirira choncho mlungu wathunthu, wina akulemba ali ndi lumo kumanja, wina ali ndi tsitsi la kasitomala m'manja, pomwe akanangosuzumira pakhomo akanatukwanizana bwinobwino maso ndi maso. Ongomvera aja anasangalala ngati akuonera mpira.

Pakati pa chisangalalocho, wokonza mipope analemba kuti Loweruka madzi atsekedwa. Chidziwitsocho chinakhala pamwamba kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso, nkhani ya geti n'kuchipondereza. Palibe anachiona.

Loweruka lija kunali chipwirikiti. Wapampando wa komiti anatsika masitepe atamanga thaulo, thovu lili m'makutu. Ku saluni makasitomala anali atawapaka kale mankhwala owongolera tsitsi, mitu yayamba kutentha, mpopi ukungotulutsa mpweya. Anatuluka akukuwa, n'kukaviika mitu mu ndowa ya a Komatu mmodzimmodzi, mwini ndowa ataima pambali ndi manja kumbuyo.

"Komatu mukanawerenga chidziwitso," anatero.

"Inu munachiwerenga?" anakuwa mayi wa saluni.

"Ayi. Komatu ine ndili ndi ndowa."

Komiti inakumana masana omwewo popanda a Komatu, ndipo wapampando sanazungulire. "Mayi, achotseni apongozi anuwo pabwalopo. Apo ayi webusaitiyo titseke, tibwerere kumata mapepala."

Mpongoziyo anakwera masitepe mutu utaima. Akawachotsa, adzawayang'ana bwanji patebulo? Akawasiya, ntchito yake yafa pamaso pa anthu omwe amakumana nawo tsiku lililonse. Mwamuna wake atamva anangonyamula jekete. "Ine musandilowetsemo. Ndinakulira m'nyumba mwawo, ndipo sindinamalizepo chiganizo."

Mpongoziyo anayamba ndi zosavuta. Zidziwitso za madzi ndi magetsi anazipatsa malo awoawo pamwamba, osasunthika. Kenako anaika batani lotsekera nkhani ikatalika. Atatseka ya geti, a Komatu anayambitsa ina ya mutu wakuti, "Komatu pa nkhani yatsekedwa ija." Anaika malire a mayankho a munthu mmodzi patsiku. A Komatu anayamba kubwereka mafoni a makasitomala atawameta mbali imodzi ya mutu, ndipo palibe ankakana.

Tsiku lina, akufufuza pomwe angatsekenso, anatsika mpaka pansi penipeni pa bwalolo, kumene kunkagwera nkhani zopanda chikoka. Anapeza ya gogo wina wa nyumba yapamwamba, wofunsa ngati pali amene angamusinthire babu. Anapeza ya mnyamata wongosamukira kumene, amene anangolemba kuti, "Moni nonse." Anthu onse anazidutsa. Pansi pa iliyonse panali yankho limodzi lokha. Kwa gogo uja: "Ndikubwera ndi makwerero, komatu tiyi akhale wa mkaka." Kwa mnyamata uja: "Takulandirani, komatu tsitsi lanulo ndaliona." Mpongoziyo anazindikira nthawi yomweyo kuti woyankhayo anali apongozi ake.

Anakonza kangodya katsopano kosonkhanitsa nkhani zonse zomwe sizinayankhidwe, ndipo anakakonza kuti kazitseguka koyamba pa foni ya apongozi ake.

"Bambo, anthu awa alibe owayankha. Komiti ikupempha kuti muwasamalire."

"Komatu ndi ntchito yaikulu imeneyi."

"N'chifukwa chake sitinapatse wina aliyense."

A Komatu anakonza kolala, n'kuvomera. Kuyambira pamenepo analibenso nthawi yokwanira ya geti, ngakhale Lamlungu lililonse ankapezabe kampata komukanda mayi wa saluni. Mphaka wosowa, mwana wofuna womuthandiza masamu, bambo woferedwa amene ankangolemba za nyengo, onse ankayankhidwa dzuwa lisanalowe. Ambiri ankatsutsidwa ndithu, koma ankayankhidwa.

Kenako a Komatu anadwala, ndipo matenda awo sanatenge nthawi. Kuchipatala dokotala atawauza kuti apume, asamayankhule kwambiri, anamuyang'ana momumvera chisoni ngati mwana wosadziwa kanthu. "Komatu adokotala, zimenezo ndi zinthu ziwiri zosiyana." Anamwalira m'mawa wina mpongozi wawo akuwawerengera nkhani zatsopano za pabwalo, milomo yawo ikugwederabe pokonzekera yankho.

Lero m'kachipinda ka pansi pa masitepe mumagulitsidwa zikwama za mafoni. Webusaiti ikuyenda bwino kwambiri, zidziwitso zimaoneka pa nthawi yake, ndipo nkhani zimatha ndi mayankho awiri, wachiwiriyo akungoti zikomo. Azibambo a madazi aja amaima pabwalo la magalimoto osadziwa pokhala.

Masana ena mayi wa saluni anakwera masitepe n'kugogoda kwa mpongozi uja. Anakhala pampando osadikira kuuzidwa, chipeso chili m'thumba la epuloni.

"Achemwali, makina anuwa awonongeka," anatero.

"Awonongeka pati?"

"Chilichonse ndingalembe, anthu akungoti zoona mayi. Dzulo ndinalemba dala bodza loonekeratu, lakuti masitepe athu akucheperachepera chaka chilichonse. Ndinadikira tsiku lonse foni ili m'manja." Anapukuta maso ndi ngodya ya epuloni. "Onse avomera."

Mpongoziyo anatseka laputopu, n'kukatereka madzi pamoto, ndipo awiriwo anakhala limodzi mpaka ana atabwera kusukulu.