Thirakitala Yosadziwa Kuthawa

Pulani inabadwa pa botolo lachinayi, Loweruka masana, m'kabala ka kuseri kwa malo okwerera basi. Mapulani anakankhira mabotolo pambali, anathira timowa patebulo, n'kuyamba kujambula mapu ndi chala.

"Apa pali geti. Apa pali shedi. Apa pali chuma chathu, chikutidikira ngati mwana wamasiye."

Mapulani anali mtsogoleri wa gululo chifukwa ndiye yekha anali ndi jekete. Kumanja kwake kunakhala Chigubu, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, amene ankamutenga pa dilu iliyonse kuti azinyamula katundu, ngakhale kuti mpaka tsikulo anali asanapeze katundu woti anyamule. Kumanzere kunali Sipanala, katswiri wa makina. Ukatswiriwo anautenga pagalaja ina pomwe anagwirapo ntchito miyezi iwiri, yopatsira amakaniko zida.

Nkhaniyo inabwera ndi Sipanala yemweyo. Iye ankakhala kwa mlongo wake, ndipo mlamu wake anali dalaivala wa thirakitala yopopera mankhwala pafamu ina yaikulu ya soya. Sabata yonse mlamuyo ankadya mosakondwa. Mayi mwini famu anali atatopa ndi mizere yokhota: pena mankhwala kugwa kawiri mpaka mbewu kupsa, pena kudumphidwa mpaka mbozi kuchita phwando. Tsono anaitanitsa wogulitsa zida zaulimi kuti Lolemba abweretse makina a GPS a mitundu itatu, awayese pamunda, iwo asankhepo amodzi.

"Fotokoza bwino, iwe," anatero Mapulani. "Ifenso tisankhe."

Sipanala anawerenga ndi zala. "Koyamba ndi kabokosi ka timagetsi. Ukapatuka pamzere timaphethira. Kachiwiri kali ndi kagalasi ngati foni, kamakusonyeza pomwe wapopera kale. Kachitatu ndiye kamene kakuwasowetsa tulo alamu. Kamagwira chiwongolero kokha, munthu n'kumangokhala."

"Ine ndakonda ka timagetsi," anatero Chigubu. "Ndikakaika kuchipinda."

Mapulani anapukusa mutu. "Ndiye chifukwa chake umagona pamkeka, aise. Munthu ukamaba uziba mwaulemu. Tikutenga kachitatu."

Sipanala anameza mowa wake mtima uli m'malo. Iye sankaona ngati akukaba. Makinawo akasowa, mlamu wake ntchito siitha. Ntchito ikapanda kutha, mphika wa mlongo wake upitiriza kuwira, ndipo mbale ina pamenepo inali yake. Kunena zoona, anaona kuti m'banja lonselo panalibe wina woganizira abale ngati iye.

Lolemba, nthawi ya chakudya chamasana, anthu atatu ovala maovolosi obwereka anafika pageti atanyamula bokosi la zida. Ya Chigubu inalekeza m'maondo. Mlonda anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndife a kampani," anatero Mapulani asanafunsidwe.

"Anzanu ali ku shedi, akudya."

"Ife timadya ntchito ikatha, madala."

Mlondayo, amene anali asanamvepo mawu otere chiyambire ntchito, anatsegula geti msanga.

Mwayi unali wawo. Alimi oyandikana nawo, antchito, wogulitsa uja ndi mayi mwini famu, onse anali mu shedi kuseri kwa mitengo, mafoloko akulira. Thirakitala inaima yokha m'mphepete mwa munda, chithanki kumbuyo, mikono yake yopopera itapindidwa m'mbali. Padenga panali kanthu koyera kooneka ngati mbale yovundikira. Kiyi anali pomwepo.

Anakwera onse atatu m'kachipinda ka dalaivala, kamene anakapangira munthu mmodzi. Sipanala anakhala pampando, Mapulani anadzipanikiza pagalasi, Chigubu anadzaza malo otsalawo. Makina aja anali poyera: kagalasi pambali, ndi kamota kolumidwa pachiwongolero, mawaya ali pilingupilingu kulowera pansi.

"Mphindi ziwiri," anatero Sipanala, akutsegula bokosi la zida.

Sipanala yoyamba inakula. Yachiwiri inachepa. Yachitatu inali yomasulira mipope ya madzi. Atasuzumira bwino anapeza kuti mabawuti ake analibe n'komwe mitu yogwira ndi sipanala. Anali ndi timaenje tooneka ngati nyenyezi.

"Akulu, awa ndi mabawuti achilendo."

"Miyezi iwiri pagalaja!"

"Kunkabwera ma minibasi okhaokha."

Mapulani anatseka maso, monga ankachitira nzeru zikamabwera. "Chabwino. Ngati kamwana kakukana kusiyana ndi mayi wake, titenga ndi mayi yemwe. Liza."

Sipanala anali ataonerapo mlamu wake akuyendetsa, ndipo anadabwa yekha injini italira ulendo woyamba. Thirakitala inanyamuka pang'onopang'ono. Kagalasi kanayaka, kakuonetsa mizere yambirimbiri ndi batani lobiriwira likuphethira.

"Mwaona? Kakufunsa kuti tikupita kuti," anatero Mapulani. "GPS imadziwa njira zonse za padziko." Anaweramira pakagalasiko n'kunena momveka bwino, ngati akulankhula ndi gonthi: "Kumsewu waukulu. Njira yachidule." Kenaka anadina batani lija.

Chiwongolero chinagwedezeka m'manja mwa Sipanala, n'kuyamba kuzungulira chokha.

"Chotsa manja!" anakuwa Mapulani. "Zinthu izi zimajambula zala. Ukachigwira, mawa chithunzi cha chala chako chili ku polisi."

Sipanala anabisa manja m'khwapa. Thirakitala inakhota mwaulemu, inalowa m'munda wa soya, n'kuyamba kutsata mzere wowongoka ngati ulusi.

"Akulu, geti lili uko," anatero Sipanala.

"Kakudziwa kuti pageti pali mlonda. Kali ndi nzeru kuposa iwe."

Kutsogolo, kumapeto a munda, kunkaoneka mpanda wa waya wogwa mbali ina, ndipo kuseri kwake magalimoto ankadutsa. Mapulani anamwetulira, n'kuyamba kugawa ndalama zimene anali asanazione. Atatsala pang'ono kufika pampandapo, thirakitala inachepetsa liwiro, inatembenuka bwinobwino, n'kuyamba kubwerera komwe inachokera, pamzere woyandikana ndi woyamba uja.

Onse atatu anacheuka, n'kuona mpanda uja ukutsalira m'mbuyo.

"Kakusokoneza mapazi," anatero Mapulani. "Kuti otilondola asadziwe kolowera."

Apa m'pamene Chigubu, mwendo utachita dzanzi, anasuntha thako n'kukhalira chitsulo china. Kunja kunamveka kulira kwa mapaipi. Mikono ija inatambasuka mbali zonse ziwiri, yaitali ngati mlatho, ndipo inayamba kufuka nkhungu yabuluu.

Sipanala anayang'ana kumbuyo. Pathanki panali chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa.

"Tidumphe!" anatero Chigubu, n'kutsegula chitseko. Kamphepo kanabweza nkhungu ija, ndipo mkono wake wonse unasanduka wabuluu mpaka m'chigongono. Anamenyetsa chitseko n'kuyamba kulira ngati mwana. "Ndafa ine! Mukawauze amayi kuti wailesi ija ndinagulitsa ndine, sanabe akuba!"

"Usapume kwambiri," analangiza Mapulani, mphuno ataitseka ndi jekete. "Aliyense asatsegulenso. Mankhwala akatha, tithawa."

"Atha liti?"

Sipanala anayang'ana pakagalasi. Mizere iwiri inali itasanduka yobiriwira. Yotsala sanathe kuiwerenga.

Pamzere wachisanu, akulowera mbali ya shedi, anaona anthu akutuluka, ena mbale zili m'manja. Pamzere wachisanu ndi chimodzi anthu aja anali atandanda m'mphepete mwa munda. Wogulitsa uja, kamunthu kovala tayi pakati pa minda, ankathamanga uku ndi uku manja ali kumutu. Mayi mwini famu anaima chilili, chipewa chachikulu kumutu, manja m'chiuno. Pambali pawo panaima mlamu wake wa Sipanala.

Sipanala anayesa kutsetsereka pampando kuti abisale, koma pansi ponse panali mapazi a Chigubu. Thirakitala inafika kumapeto, n'kutembenuka pang'onopang'ono pamaso pa gulu lonselo ngati ikuonetsa katundu wamalonda. Maso a mlamu ndi a Sipanala anakumana. Mlamuyo sanakuwe, sanaloze chala. Anangovula kapu n'kuigwira pamimba. Sipanala, posowa chochita, anatulutsa dzanja limodzi m'khwapa n'kupereka moni.

"Ukuwabayibitsa?" anafunsa Mapulani.

"Ndi alamu anga. Ndingodutsa osawapatsa moni?"

Ulendo wotsatira pobwerera anapeza mayi aja atalowa m'munda ndi tepi yoyezera. Ankayeza pomwe mtundu wabuluu wa mzere wina unakumana ndi wa mzere unzake, n'kumagwedeza mutu. Wogulitsa anali atasiya kuthamanga. Tsopano ankayenda pambali pawo akulankhula ndi manja onse awiri, mano onse ali pamtunda. Ulendo winawo, alimi ena anali atabweretsa mipando. Ulendo winanso, pansi pa mtengo panali pataima galimoto ya polisi, apolisi awiri atatsamira boneti, aliyense ndi mbale yake.

"Bwanji sakubwera kudzatigwira?" anafunsa Chigubu, amene anali atadabwa kuti sanafebe.

"Akutiopa," anatero Mapulani, koma mawu ake anali atachepa.

Chimene chinachitika n'chakuti wapolisi wamkulu anafuna kuthamangira thirakitala, koma mayi aja anamugwira mkono. "Bambo, yatsala mizere khumi ndi iwiri. Ndakhala miyezi itatu ndikulephera kusankha. Asiyeni amalize."

Anamalizadi. Dzuwa litapendeka, thirakitala inafika pangodya yomaliza, inalira kawiri kuti pii pii, mikono inasiya kufuka. Mlamu anakwera pamakwerero, anatsegula chitseko, n'kuzimitsa injini. Atatu aja anatuluka mmodzimmodzi, miyendo itauma, thukuta lili kamukamu.

"Madzi, chonde, ndi dokotala," anapempha Chigubu, akuonetsa mkono.

"Amenewo ndi madzi kale, achimwene," anatero wogulitsa. "Madzi a pampopi ndi utoto, woti mayi aone pomwe papoperedwa. Ndani angaike mankhwala enieni tsiku loyesa?" Kenaka anatembenukira kwa Sipanala, chidwi chili pankhope. "Koma ndifunseko. Makina awa, munthu ukangogwira chiwongolero n'kupotoza pang'ono, amazima okha, thirakitala n'kukhala yako. Maola awiri onsewa simunachikhudze n'kamodzi komwe?"

Sipanala anayang'ana manja ake. Kenaka anayang'ana Mapulani. Mapulani anali akuyang'ana mitambo.

"Alamu," anayamba Sipanala, "ine ndimafuna kukuthandizani. Ndimati makinawa akachoka, ntchito yanu..."

"Mwandithandiza kale," anayankha mlamuyo. "Mayi anena kuti agula kachitatu komweka. Akuti ngati kawongola mizere muli inu atatu, palibe chimene kangalephere. Ndipo akuti ine ndisachoke, chifukwa aona okha zimene zimachitika pampandopo pakakhala munthu wopanda mutu." Anavala kapu yake. "Mlongo wanu ndikamuuza ndine. Inu musavutike."

Apolisi anali ndi maunyolo awiri okha, tsono anawalumikiza onse atatu, Chigubu pakati. Akuwakweza m'galimoto, mayi mwini famu anafika akupinda tepi yawo, n'kusuzumira pawindo.

"Pepani bambo," anatero kwa wapolisi wamkulu, "anyamatawa atuluka liti? Kuseri uko ndili ndi munda wina wofunika kupopera Lachinayi."

Wapolisiyo anawayang'ana atatuwo pagalasi, n'kuliza galimoto.

"Mayi, amenewa muwadikire mukakolola kawiri."